Mbiri ya Magetsi a M'nyumba za Mumlengalenga

Madzulo ena, dzuwa litangolowa ca ku Lusaka, alimi a ku Kanakantapa m'boma la Chongwe amaona nyenyezi yowala koposa zinzace irikuyenda pa thambo. Siithwanima, ndiponso siicita mkokomo monga ndeke zotera pa bwalo la Kenneth Kaunda. Ituruka mbali imodzi, niyenda mphindi zowerengeka, ndipo kawirikawiri izimirira isanafike mbali inayo. Cinthu cimeneci ndi nyumba, ndipo m'kati mwace muli anthu amene agona, kudya ndi kugwira nchito pa mtunda wa makilomita 400 pamwamba pa minda ya cimanga. Dzina lace ndi International Space Station. Kuwala kwace ndi kwa dzuwa limene liwomba pa zitsulo zace ndi pa mapiko ace akuru, ndipo mapikowo ndiwo apanga magetsi a m'nyumbamo.

Kumwambako kulibe mtsinje woti nkumangapo dambo longa la Kariba. Kulibe malasha, kulibe nkhuni, ndipo ngakhale zikadakhalapo sizikadayaka, pakuti kulibe mpweya. Tsono funso limene linasautsa akatswiri zaka zambiri linali lakuti, magetsi a nyumba yotere adzacokera kuti?

MONGA PANSI PA MGODI

Munthu wa m'tauni magetsi akazima adandaula za nyale, wailesi ndi ndiwo zimene ziri pa sitovu. Koma wa ku mgodi adziwa kuti nkhaniyi ndi yaikuru kuposa pamenepo. Pansi pa nthaka mpweya wabwino utumizidwa ndi mafani, madzi aturutsidwa ndi mapampu, ndipo keji yokweza anthu iyenda ndi magetsi. Ku Konkola, umene uli umodzi wa migodi ya madzi ambiri pa dziko lonse, mapampu akaima madzi sacedwa kukwera.

Nyumba ya mumlengalenga iri cimodzimodzi. Magetsi ndiwo aturutsa mpweya wa okosijeni m'madzi kuti anthu apume. Ndiwo acotsa mpweya woipa wocokera m'mapapo, ayeretsa madzi akumwa, afunditsa zipinda, nayendetsa wailesi yolankhulira ndi anthu a pansi. Kumeneko mpweya wotentha sukwera wokha monga ucitira pansi pano, kotero kuti mafani akaima, mpweya umene munthu wapuma ungounjikana pa nkhope pace mpaka mutu uyamba kuwawa. Wa mumgodi angathe kukwera makwerero nafika kunja. Wa mumlengalenga alibe kunja kothawira.

BATIRE

Njira yoyamba inali batire. Akuruakuru akumbukira wailesi ya Saucepan Special imene inafika m'dziko muno m'caka ca 1949, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready atapempha Harry Franklin wa ku nyumba ya wailesi ku Lusaka. Inali kulira ndi batire lalikuru, ndipo batirelo likatha, nyimbo ndi nkhani zomwe zinali kutha kufikira mwini wace atapeza ndalama zogulira lina.

Zombo zoyamba za mumlengalenga zinali ndi bvuto lomweli. Pa 4 October, 1957, dziko la Soviet Union linaponya Sputnik 1, kampira kacitsulo kamene kanazungulira dziko kalikulira pa wailesi. Kanalira masabata atatu, mabatire natha, ndipo kanakhala cete. Yuri Gagarin, munthu woyamba kufika kumwambako pa 12 April, 1961, anayendanso ndi mabatire, ndipo anamkwanira cifukwa ulendo wace unali wa mphindi 108 cabe. Koma batire lifanana ndi kamba wa pa ulendo. Wopita kokagona usiku umodzi anyamula m'thumba. Wopita kokakhala caka sangasenze cakudya conse pamutu.

MAGETSI OTURUKA PAMODZI NDI MADZI

Njira yaciwiri inali makina ochedwa fuel cell. M'makinawa mipweya iwiri, haidrojeni ndi okosijeni, ikomana popanda lawi la moto, ndipo pa kukomana kwace paturuka magetsi ndi madzi. Dziko la America linayamba kuwagwiritsa nchito m'combo ca Gemini 5 mu August, 1965, ndipo amuna awiri anakhala mumlengalenga pafupifupi masiku asanu ndi atatu. Zombo za Apollo zopita ku mwezi zinanyamula fuel cell za mtundu umene anaukonza Mngerezi wina dzina lace Francis Bacon, amene anatha zaka zoposa makumi awiri pa nchitoyi. Madzi oturuka m'makinamo ndiwo amene apaulendo anali kumwa.

Kuopsa kwa njirayi kunaoneka mu April, 1970. Pa tsiku lacitatu la ulendo wa Apollo 13, thanki ya okosijeni inaphulika, ndipo posakhalitsa fuel cell zonse zitatu zinafa. Jim Lovell, Jack Swigert ndi Fred Haise anathawira m'kacombo kamene anati akatere nako pa mwezi, nazima ciri conse cimene akadatha kuzima, nakhala mumdima ndi m'cisanu, alikugawana madzi pang'ono pang'ono. Anafika amoyo pa 17 April. Fuel cell sizinatayidwe pamenepo, pakuti zombo za Space Shuttle zinayenda nazo kufikira 2011. Koma maulendo amenewo anali osafika masabata atatu. Nyumba yokhala zaka ikadafuna kuti roketi zizibweretsa mathanki a mipweyayo kosalekeza, ndipo mtengo wace sukadatheka.

DZUWA

Njira yacitatu inabadwira pansi pano. M'caka ca 1954, ku Bell Laboratories m'dziko la America, Daryl Chapin, Calvin Fuller ndi Gerald Pearson anapanga kapale kopyapyala ka silikoni, cinthu copezeka mumcenga, kamene katurutsa magetsi dzuwa likakawomba. Pa magawo 100 a mphamvu ya dzuwa yogwa pa iko, kanali kusandutsa magawo 6 okha kukhala magetsi, ndipo kanali kodula kotero kuti palibe akadagula kuti aike pa nyumba yace. Koma kumwamba kulibe mitambo, kulibe fumbi la m'misewu, ndipo dzuwa sililipiridwa. Mu March, 1958, kacombo ka Vanguard 1 kananyamula timapale timeneti. Wailesi yace ya batire inaleka kulira patapita miyezi yowerengeka, koma ya dzuwa inalirabe kufikira 1964, caka cimene Zambia analandira ufulu.

Cifukwa cace nyumba yoyamba ya mumlengalenga, Salyut 1, imene Soviet Union anaiponya pa 19 April, 1971, inali ndi mapiko anai a sola. Kuyambira pamenepo kufikira lero, nyumba zonse zokhalamo anthu kumwambako zadalira dzuwa. Koma kudalirako sikunakhale kopanda misozi, ndipo katatu konse nyumba zinatsala pang'ono kutayika cifukwa ca magetsi.

SKYLAB, 1973

Pa 14 May, 1973, America anaponya nyumba yace yoyamba, Skylab, mulibe anthu. Patangopita mphindi imodzi, mphepo inang'amba cikopa ca citsulo cochinga nyumbayo. Phiko limodzi lalikuru la sola linathothoka nkutayika, ndipo linzace linakanirira, litamangidwa ndi kacidutswa ka citsulo cong'ambikaco. Panatsala mapiko anai ang'onoang'ono a pamwamba. Popeza cochinga cinacoka, m'kati munatentha kupitirira madigiri 50. Oyang'anira pansi anasowa cocita: akatembenuzira nyumbayo ku dzuwa kuti ipate magetsi inali kupsa, akaibisa ku dzuwa mabatire anali kufa.

Pa 25 May anakwera amuna atatu, Pete Conrad, Joe Kerwin ndi Paul Weitz. Poyamba anatambasula cinsaru conga ambulera pamwamba pa nyumbayo, ndipo kutentha kunatsika. Pa 7 June Conrad ndi Kerwin anaturuka kunja ali ndi codulira mawaya comangidwa ku mtengo wacitsulo wotalika pafupifupi mamita asanu ndi atatu. Pamalo pamenepo panalibe pogwira kapena popondapo, ndipo munthu wopanda kulemera akakoka cinthu, iye mwini ndiye akokeka. Anabvutika nthawi yaitali kufikira codulira cinaluma kacitsuloko nkukadula. Pamenepo anakoka phikolo ndi cingwe. Linamasuka mwadzidzidzi, ndipo onse awiri anaponyeka, napulumuka cifukwa ca zingwe zimene anamangidwa nazo. Phiko linatambasuka, magetsi nacuruka, ndipo nyumbayo inalandira magulu atatu a anthu kufikira 1974. Nyumba ya ndalama zosawerengeka inapulumutsidwa ndi cida cimene amisiri a mawaya anyamula tsiku ndi tsiku.

NYUMBA YOZIZIRA, 1985

Mu February, 1985, Salyut 7 inaleka kuyankha pa wailesi. Panthawiyo munalibe munthu. Mu June anatumidwa Vladimir Dzhanibekov ndi Viktor Savinykh kukaona. Nyumbayo inali kutembenuzika yokha, yopanda nyale, yosatha kuwatsogolera, ndipo Dzhanibekov analumikiza combo cao ndi manja. Atatsegula citseko anapeza mdima ndi bata, mafani onse ali cete, makoma ali ndi cisanu, ndipo madzi a m'mathanki ali gwa ngati mwala. Anagwira nchito atabvala zipewa zaubweya ndi zobvala za m'nyengo yozizira. Popeza mpweya sunali kuyenda, mmodzi anali kulowa yekha, mnzace nakhala pafupi kumyang'anira, monga acitira anthu a mumgodi polowa malo amene mafani sakufikako.

Cimene cinapha nyumbayo cinali kacipangizo kamodzi koyesa ngati batire ladzala. Kanaonongeka, ndipo kanaletsa magetsi a m'mapiko kulowa m'mabatire. Mapiko anali abwino, dzuwa linalipo, koma mabatire anangotha kufikira zonse zinazima. Amunawo analumikiza mabatire ku mapiko mwacindunji, limodzi limodzi, natembenuza nyumba yonse ndi combo cao kuti mapiko apenye dzuwa. Pa mabatire asanu ndi atatu, asanu ndi limodzi anadzuka. Pang'ono ndi pang'ono kufunda kunabwerera, cisanu cinasungunuka, ndipo anakhala masiku alikupukuta madzi kuti angalowe m'mawaya.

MIR, 1997

Yacitatu inali Mir, imene inayamba kumangidwa mu 1986. Pa 25 June, 1997, combo ca katundu copanda munthu cinaphonya njira nkugunda cipinda cochedwa Spektr, nicibowola. Mpweya unayamba kuthawa. Vasily Tsibliyev, Aleksandr Lazutkin ndi Michael Foale anayenera kutseka citseko ca cipindaco msanga, koma pa khomo panali kudutsa mawaya ocokera ku mapiko a sola a Spektr, amene anali atsopano ndi amphamvu. Anadula ena, nazula ena, natseka. Moyo unapulumuka, koma nyumbayo inataya pafupifupi theka la magetsi ace. Inayamba kutembenuzika, mapiko otsala analeka kupenya dzuwa, ndipo mabatire anatha. Panapita miyezi iwiri asanaike citseko cina cokhala ndi polowera mawaya, nalumikizanso mapikowo. Mir inagwirabe nchito, ndipo inatsitsidwa m'nyanja mu 2001.

NKHOKWE YA MAGETSI

Maphunziro onsewa analowa m'mamangidwe a nyumba imene ioneka pa Kanakantapa. Cigawo cace coyamba cinakwera mu 1998, ndipo kuyambira pa 2 November, 2000, simunakhalepo mopanda munthu. Mu April, 2002, munafikanso Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Mapiko ace akuru alipo asanu ndi atatu, liri lonse lotalika mamita 35 ndi lotambalala mamita 12, ndipo onse pamodzi ali ndi timapale 262,400. Anakonzedwa kuti azipereka makilowati 84 kufikira 120. Ketulo ya magetsi idya makilowati awiri. Tsono nyumba yonseyo, ndi makina ace onse, iyenda ndi mphamvu ya maketulo 60 kapena kucepera. Mapikowo ali pa zolumikizira zozungulira, kuti azitsata dzuwa nthawi zonse, ndipo mawaya anagawidwa m'njira zisanu ndi zitatu kuti imodzi ikafa zinzace zisenze katundu wace.

Nyumbayi izungulira dziko kamodzi pa mphindi 90, ndipo pa ulendo uli wonse ikhala mphindi pafupifupi 35 mumthunzi wa dziko. Ndiko kuti kuca ndi kuda nthawi 16 pa tsiku limodzi. Apa ndipo batire linapeza nchito yace yeniyeni. Mlimi akolola miyezi yowerengeka, koma banja lidya caka conse cifukwa ca nkhokwe. Momwemonso nyumbayi ikakhala padzuwa, gawo lina la magetsi ligwira nchito ndipo lina lilowa m'mabatire. Ikalowa mumdima, mabatire abweza zimene anasunga. Wa ku mgodi adziwa za nyale yace ya pacipewa, imene aibweza ku nyumba ya nyale potsiriza shifiti kuti ikachajidwe. Kusiyana kwace nkwakuti batire la kumwamba licita mashifiti 16 pa tsiku, zikwi zisanu ndi mazana angapo pa caka, ndipo likalamba. Pakati pa 2017 ndi 2021, mabatire akale 48 a nikelo ndi haidrojeni anacotsedwa, ndipo m'malo mwace munalowa 24 a lithiamu, a mtundu wofanana ndi wa m'mafoni.

Mapikonso akalamba. Ceza ca mumlengalenga ndi timiyala touluka ziwafooketsa caka ndi caka. Kumapeto kwa October, 2007, phiko lina linang'ambika politambasula, ndipo Scott Parazynski, dokotala, anaimikidwa kunsonga ya mkono wautali wacitsulo nalisoka ndi mawaya, magetsi ali m'phikomo. Pakati pa 2021 ndi 2023 anawonjezera mapiko asanu ndi limodzi atsopano, amene afika atakulungidwa ngati mphasa ndipo afunyululuka okha. Dziko la China nalonso, pomanga nyumba yace ya Tiangong mu 2021 ndi 2022, linasankha dzuwa ndi mabatire. Timapale ta mapiko ace tisandutsa magawo pafupifupi 30 pa 100, kasanu kuposa ka mu 1954.

ZA ATOMU

Palinso njira yacinai imene yakhala irikudikira pa khomo, ndiyo ya atomu. Mwala wa yureniyamu si wacilendo kuno, pakuti unakumbidwa ku Mindola ku Kitwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Mu April, 1965, America anaponya ng'anjo yaing'ono ya atomu yochedwa SNAP-10A, imene inagwira nchito masiku 43. Soviet Union anaponya zina zoposa 30 m'zombo zopanda anthu. Ng'anjo yotere siisamala usana kapena usiku, ndipo siifuna mapiko akuru. Koma walira mvula walira matope. Ceza cace cipha, ndipo kuti anthu akhale pafupi nayo pafunika cochinga colemera, cimene roketi ibvutika kunyamula. Ndiponso cokwera cidzatsika. Mu January, 1978, combo ca Kosmos 954 cinagwa, nicimwaza zidutswa zaululu kumpoto kwa dziko la Canada, ndipo anthu anatha miyezi alikuzifunafuna m'cipale. Kufikira lero palibe nyumba yokhalamo anthu imene yayenda ndi ng'anjo ya atomu.

Nkhaniyi siinathe ai. Pa mwezi usiku umodzi ukhala masiku 14 a pansi pano, ndipo nkhokwe ya mabatire yokwanira mdima wotere ikadalemera kopambana. Kutali ndi dzuwanso kuwala kucepa. Ndico cifukwa cace mu 2018 akatswiri a NASA anayesa ng'anjo yaing'ono ku Nevada, poganizira za midzi ya pa mwezi ndi pa Mars. M'caka comweco boma la Zambia linacita pangano ndi bungwe la Rosatom la ku Russia lakuti m'boma la Chongwe mudzamangidwe malo ophunzirira za atomu. Tsono funso lakuti ng'anjo yotere iyenera kukhala pafupi bwanji ndi anthu lafunsidwa kumwamba, ndipo lafunsidwanso m'dziko la Mfumu yaikuru Nkomeshya Mukamambo II.

KUTSIKA KWA SOLA

Kwa zaka pafupifupi makumi awiri, ogula akuru a timapale ta dzuwa anali omanga zombo za mumlengalenga, ndipo ndalama zao ndizo zinasunga lusoli lamoyo pamene linali lodula. Mtengo unatsika pang'ono pang'ono kufikira sola anafika pa madenga. Ca m'ma 2000, ku Nyimba, Chipata ndi Lundazi, makampani ang'onoang'ono othandizidwa ndi dziko la Sweden anaika masola pa nyumba pafupifupi 400, eni ace nalipira mwezi ndi mwezi. Mu 2019 anatsegula munda wa masola wa Bangweulu kumwera kwa Lusaka, wa mamegawati 54.

Cilala ca 2024 cinaphunzitsa dziko lino cimene a mumlengalenga anaphunzira kale. Madzi a m'Kariba, amene dziko lawadalira kuyambira 1960, anatsika kwambiri, ndipo m'malo ambiri magetsi anali kuyaka maora atatu okha pa tsiku. Zigayo zinaima, ometa ndi owocherera zitsulo anakhala manja lende, ndipo ambiri anathamangira kukagula sola ndi batire. Ogulawo anakomana ndi zomwe zija za Skylab ndi Salyut 7: sola wosapenya dzuwa sapereka kanthu, kacipangizo kakang'ono ka pakati pa sola ndi batire kakafa kapha zonse, ndipo batire ndilo liyamba kukalamba.

Kanakantapa anatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti acinyamata osowa nchito m'tauni apate minda, ndipo amene anafika oyamba anali kuunika ndi koloboyi. Lero pa madenga ambiri a m'midzi yotere pali sola, ndipo pansi pace pali batire lochajira foni ndi kuyatsa nyale yowerengera ana a sukulu. Madzulo, nyenyezi yoyenda ija ikazimirira pakati pa thambo, ndiko kuti yalowa mumthunzi wa dziko. Mphindi yomweyo mapiko ace aleka nchito, mabatire nayamba kubweza zimene anasunga, ndipo mafani a m'kati apitiriza kuzungulira.